Zimbale za rock za 1975 zomwe dziko linazilambalala

Funsani munthu wokonda nyimbo za rock kuti atchule zimbale zikuluzikulu za chaka cha 1975, mayina amene atuluke ndi omwewomwewo. Led Zeppelin inatulutsa Physical Graffiti mu Febuluwale, Bruce Springsteen anabwera ndi Born to Run mu Ogasiti, Pink Floyd ndi Wish You Were Here mu Seputembala, ndipo chaka chisanathe Queen inaika pamsika A Night at the Opera, momwe muli nyimbo ija ya Bohemian Rhapsody. Zonsezi ndi zimbale zabwino, sinditsutsa. Koma kumbuyo kwa chilichonse kunali kampani ya ndalama zambiri, mafakitale odinda malekodi, mawayilesi oziulutsa usana ndi usiku, komanso magazini a ku London ndi ku New York omwe akhala akuzitamanda kwa zaka 50 osapuma. Kukumbukiridwa kwa chimbale sikudalira kukoma kwake kokha. Kumadaliranso kuti ndani anasunga matepi, ndani anali ndi makina odindira, ndani analemba za icho.

Chaka chomwecho kunatuluka, kapena kunajambulidwa, zimbale zina zimene zinalibe wozinyamula. Ine ndikukhulupirira kuti zingapo mwa izo zikhoza kuyima pambali pa zinayi zija popanda manyazi, ndipo zabwino koposa zinachokera pafupi pomwepa, kutsidya kwa Mchinji, ku migodi ya mkuwa ya ku Zambia.

Kitwe, kwawo kwa gitala yolusa

Kuti timvetse chifukwa chake anyamata a ku Kitwe ndi ku Ndola ankayimba rock, tiyambe ndi mkuwa. Zambia italandira ufulu mu Okutobala 1964, pafupifupi ndalama zonse zakunja zinkachokera ku migodi ya Kitwe, Chingola, Mufulira ndi Luanshya. Kunali malipiro a pamwezi, kunali maholo ndi makalabu a migodi ofuna bandi kumapeto kwa sabata, kunali masitolo ogulitsa malekodi a The Beatles, The Rolling Stones, Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath. James Brown anafika yekha kudzayimba ku Lusaka ndi ku Ndola mu 1970. M'makomboni a migodi munali mitundu yonse: Abemba, Alozi, Angoni, Atumbuka, ndi matchona ambiri ochokera kuno ku Malawi. N'chifukwa chake mukamawerenga mayina a oyimba pa zikuto za zimbalezi mumakumana ndi a Mbewe, a Tembo, a Nyirongo ndi a Mwale, mayina omwe amadziwika mbali zonse ziwiri za malire.

Cha pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda, yemwenso ankayimba gitala, analamula kuti wayilesi ya boma idziulutsa kwambiri nyimbo za dzikolo, ndipo chiwerengero chomwe chimatchulidwa kawirikawiri ndi nyimbo 95 pa 100 zilizonse. Wayilesi inafunika nyimbo zodzaza tsiku lonse, ndipo makampani awiri a ku Ndola, Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo, anayamba kujambula mabandi amene poyamba ankangoyimba m'mahotela ndi m'mabala. Chamba chomwe chinatuluka pamenepo chinatchedwa Zamrock.

Chimbale choyamba chomwe ndikufuna kuti muchimvere ndi Africa cha bandi ya Amanaz. Bandiyi inayamba ku Kitwe mu 1973, ndipo munali anyamata asanu: Keith Kabwe woyimba ndi mawu, Isaac Mpofu ndi John Kanyepa pa magitala, Jerry Mausala pa besi, ndi Watson Lungu pa ng'oma. Anajambula nyimbo 12 m'masiku atatu ku situdiyo ya Malachite ku Chingola, malo omwe ntchito yake yeniyeni inali ya mafilimu. Zitatu zili m'Chibemba, zambiri mwa zotsalazo m'Chingerezi. Chimbale chawo ndi chomwechi basi, sanatulutsenso china.

Chimene chimandigwira mtima mu Africa ndi kusafulumira kwake. Mabandi ambiri a rock a nthawi imeneyo ankafuna kuonetsa mphamvu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amanaz amayamba ndi nyimbo ya zida zokhazokha, kenaka n'kukhazika mtima pansi. Sunday Morning imayenda pang'onopang'ono, mawu ake otopa koma osadandaula, gitala ikulira chapansipansi kumbuyo. Khala My Friend, yomwe ndi yodziwika kwambiri masiku ano, ndi nyimbo yolangiza bwenzi lomwe likutayika, ndipo ili ndi gitala yowuma, gitala yamagetsi yoyankha mwaulemu, ndi mawu a munthu amene akulankhula ndi mnzake osati ndi khamu. Mutazolowera kufatsa kumeneko, History of Man imakugwerani mwadzidzidzi. Mmenemo gitala yadutsa m'kabokosi kopondedwa ndi phazi kotchedwa fuzz, komwe kamaswa mawu a nsambo kuti amveke osasa ndi okhakhala, ndipo situdiyo yaing'ono ija ikulephera kuwanyamula. Malire a makinawo ndiwo anapatsa nyimboyi ukali wake. Mainjiniya a ku London akanawatsuka mawuwo kuti amveke oyera, ndipo nyimboyo ikanafooka.

Koma pamtima pa chimbalechi pali nyimbo za Chibemba. Nsunka Lwendo imazungulira pa kayimbidwe kamodzi osachokapo, ng'oma zikuyenda mwa kumudzi, kenaka gitala imatenga mpata wautali n'kumakwera, kutsika, kukwera, osathamanga. Munthu amene anakulira pafupi ndi bwalo la gule sangaone chachilendo pa kubwerezabwereza koteroko, chifukwa amadziwa kuti kukoma kwake kuli m'tizinthu ting'onoting'ono tosintha mkati mwa chinthu chosasintha. Pamenepa ndi pomwe ndimasiyana maganizo ndi olemba akunja omwe amakonda kunena kuti Amanaz ndi The Velvet Underground ya ku Africa. Kufanana kulipo m'nyimbo ziwiri kapena zitatu, koma Nsunka Lwendo, Africa ndi Kale zilibe mbale wake ku New York. Zinabadwira ku Copperbelt, dera la migodi lija, ndipo gitala ya Hendrix ndiyo inabwera kudzakhala mlendo m'menemo.

Pali chinthu china choti mudziwe musanachifunefune. Africa chinatuluka m'mitundu iwiri ya kasakanizidwe ka mawu. Mtundu wina ndi wowuma, ng'oma ndi mawu zili pafupi ndi khutu. Winawo uli ndi mawu obwerera ngati a m'holo yaikulu, magitala atakwezedwa. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles itachitulutsanso mu 2015 inaika mitundu yonse iwiri pamodzi. Ine ndimakonda wowuma uja pa nyimbo zofatsa, ndi winawo pa History of Man ndi Making the Scene.

Jagari ndi anzake

Ngati Amanaz inali yofatsa, WITCH inali chimphepo. Dzinali analitambasula kukhala We Intend To Cause Havoc, ndipo pa nsanja ankachitadi zomwezo. Mtsogoleri wawo Emmanuel Chanda, wokulira ku komboni ya Chamboli ku Kitwe, anapatsidwa dzina loti Jagari chifukwa cha kavinidwe kake kokumbutsa Mick Jagger. Pofika 1975 anali atatulutsa kale zimbale ziwiri, Introduction ndi In the Past, zomwe zimamveka ngati za anyamata amene akuphunzirabe zida zawo, zokoma koma zosapsa kwenikweni. Chachitatu, Lazy Bones!!, ndicho chinapsa.

Anachijambula ku DB Studios ku Lusaka, atalowa m'manja mwa Teal ndipo atapeza zida zabwinoko. Pa gitala yotsogolera panali Chris Mbewe, pa yachiwiri John Muma, pa besi Gedeon Mulenga, ndi Boidi Sinkala pa ng'oma. Mverani nyimbo yotsegulira, Black Tears. Imayamba mwachisoni, pang'onopang'ono, moti mungaganize kuti chimbale chonse chikhala cha maliro. Kenaka ng'oma zimasintha liwiro, gitala ya Mbewe imabuka, ndipo nyimbo yomwe ija yasanduka ina. Kusintha kotereku kuli paliponse m'chimbalechi. Motherless Child ndi Tooth Factory ndi za ukali, Strange Dream ndi yofewa, October Night imatambalala mpaka besi ndi ng'oma zitatenga ulamuliro, ndipo apa mumamva bwino lomwe kuti anyamatawa anamvera James Brown mofanana ndi mmene anamvera Black Sabbath. Nyimbo yomwe chimbale chinatengera dzina ndi yopepuka, yovinika, yosachoka m'mutu msanga.

Munthu amene sapatsidwa ulemu womuyenera pa chimbalechi ndi Boidi Sinkala. Oyimba ng'oma ambiri a rock a ku Britain a nthawi imeneyo ankamenya molemera ndi molunjika. Sinkala amamenya molemera koma mopendama pang'ono, akusiya timipata pomwe woyimba wa ku Birmingham akanatseka, ndipo timipata timeneto ndi tomwe timachititsa kuti nyimbo ya gitala yolusa chonchi ivinike ndi m'chiuno. Chingerezi cha Jagari ndi cha ku Copperbelt, sachibisa, ndipo ndimachikonda motero.

Lazy Bones!! sichinali chimbale chonyozeka kwawo. Ku Zambia chinagulidwa kwambiri, ndipo WITCH inali bandi yodzaza maholo. Kulambalalidwa kumene ndikunena ndi kwa kunja kwa malire, komanso kwa mibadwo yotsatira ya ku Zambia komweko, yomwe inakula osachimvapo.

Chaka chomwecho kunatulukanso zimbale ziwiri zokhudza Rikki Ililonga, munthu amene ambiri amamutcha tate wa Zamrock. Wings of Africa cha bandi ya Musi-O-Tunya chinajambulidwa ku Nairobi, komwe bandiyi inakhalako kwa kanthawi, ndipo ndi chosiyana ndi ziwiri zija: muli malipenga, ng'oma zamanja zambiri, nyimbo zitalizitali zoyandikira kwa Osibisa ndi Fela Kuti. Muyambe ndi nyimbo ya Dark Sunrise. Chimbale cha Ililonga cha yekha, chotchedwa Zambia, ndi cha munthu wokhala pansi ndi gitala n'kumasimba za moyo wa m'tauni, monga mu Sheebeen Queen, ndipo zida zambiri anaziyimba yekha. Amene zinayizi zamukoma apitirire ku Black Power cha bandi ya Peace, chomwenso ndi cha 1975. Sichifika pa Africa, koma muli nyimbo zingapo zabwino.

Mmene zinazimiririka

Chaka cha 1975 chomwecho mtengo wa mkuwa pa msika wa dziko lonse unali utagwa, pamene mtengo wa mafuta unali utakwera kuchokera mu 1973. Malire ndi Rhodesia anali otseka kuyambira Januwale 1973, katundu akuvuta kulowa ndi kutuluka. Ndalama zakunja zitasowa, nsambo za gitala, zokuzira mawu ndi zipangizo zodindira malekodi zinasowanso, ndipo wogwira ntchito ku mgodi anayamba kuwerengera za ufa asanaganize za chimbale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 asilikali a Ian Smith anayamba kuponya mabomba mkati mwa Zambia polondola omenyera ufulu a Joshua Nkomo, mpaka kulowa mu Lusaka mu 1979. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi. Bandi ya rock imadya za usiku. Maholo atatsekedwa dzuwa likangolowa, eni mabala anaona kuti munthu mmodzi woyika malekodi a disco ndi wotchipa kuposa anyamata asanu ndi zida zawo.

WITCH inayesa kutsata mphepo. Jagari atachoka kukaphunzira za uphunzitsi, otsalawo anatenga Patrick Mwondela pa kiyibodi n'kutulutsa zimbale ziwiri za disco, Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Kenaka kunabwera makaseti ojambulidwa mwakuba, kalindula inatenga malo pa wayilesi, rhumba ya ku Zaire inatenga mabala. Pamwamba pa zonsezi panagwa Edzi, mliri womwe unalowa mpaka m'nyumba ya Kaunda, yemwe mu 1987 anaulula poyera kuti mwana wake Masuzgo anamwalira nawo. M'badwo wa oyimba a Zamrock unatha ngati chimanga cha m'nkhokwe yolowa anankafumbwe. Mwa asanu omwe anayimba Lazy Bones!!, Jagari yekha ndiye ali moyo, ndipo kwa zaka zambiri ankakumba miyala ya mtengo wapatali m'tchire kuti apeze chakudya.

Matepi oyambirira a zimbale zambiri anatayika pomwe makampani aja anatseka. Zina mwa nyimbo zomwe tikumva lero zinachita kukoperedwa kuchokera pa malekodi akale okandikakandika omwe anapezeka m'nyumba za anthu. Rikki Ililonga, yemwe anasamukira ku Denmark, anali mmodzi mwa ochepa amene anasunga matepi ake, ndipo n'chifukwa chake nyimbo zake zimamveka bwino kuposa za anzake.

Wina angafunse kuti bwanji kuno ku Malawi sikunabuke chinthu chofanana, pomwe anthu ake ndi amodzimodzi. Mayankho ndi angapo. Tinalibe migodi yolipira anyamata zikwizikwi pamwezi, ndipo boma la Kamuzu Banda silinkaseka ndi maonekedwe a rock. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, amuna a tsitsi lalitali ankametedwa ngakhale pa bwalo la ndege, ndipo bungwe lounika nyimbo ndi mabuku linkatha kuletsa nyimbo pa chifukwa chochepa, monga zinachitikira Cecilia ya Simon and Garfunkel. Mnyamata wa tsitsi lanyankhalala wolumpha pa nsanja ngati Jagari sakanapita patali mu Blantyre wa 1975.

Abale atatu a ku Detroit

Kulambalalidwa sikunali kwa ku Africa kokha. Mu mzinda wa Detroit ku America, kwawo kwa Motown, munali abale atatu achikuda a banja la Hackney: David pa gitala, Bobby pa besi ndi mawu, Dannis pa ng'oma. Anayamba ndi funk monga anzawo onse a m'dera lawo, koma ataona The Who ndi Alice Cooper anatembenukira ku rock yothamanga ndi yaukali. Bandi yawo anaitcha Death, dzina lomwe David analisankha bambo awo atamwalira pa ngozi ya galimoto. Mu 1975 analowa mu United Sound Studios n'kujambula nyimbo zisanu ndi ziwiri. Abalewo amasimba kuti mkulu wina wotchuka wa makampani a nyimbo, Clive Davis, anali wokonzeka kuwatenga ngati akanasintha dzina, koma David anakana. Ntchito inathera pomwepo. Mu 1976 anadinda okha malekodi aang'ono 500 a nyimbo ziwiri, Politicians in My Eyes ndi Keep On Knocking, mawayilesi sanalabadire, ndipo banjalo linasamukira ku Vermont komwe anayimba nyimbo zauzimu, kenaka reggae.

David anamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu 2000, atasiyira abale ake matepi aja kuti awasunge. Anakhala m'chipinda cha kudenga mpaka ana a Bobby anamva nyimbo za bambo awo zikuyimbidwa ndi osonkhanitsa malekodi akale. Kampani ya Drag City ya ku Chicago inawatulutsa mu 2009 pa dzina loti ...For the Whole World to See, patatha zaka 34.

Chimbalechi sichikwana ngakhale theka la ola, ndipo chilibe mphindi yotayika. Chimene chimadabwitsa ndi nthawi yake. Chimbale choyamba cha Ramones chinatuluka mu 1976, cha Sex Pistols mu 1977, ndipo mabuku a mbiri ya nyimbo amati punk inayambira pamenepo. Koma Freakin Out ndi Rock-N-Roll Victim zili kale ndi liwiro limenelo, komanso abalewa ankadziwa kuyimba zida kuposa mabandi ambiri a punk omwe anabwera pambuyo. Besi ya Bobby mu Politicians in My Eyes ikadali ndi funk ya ku Detroit m'mitsempha. Let the World Turn imayamba mwakachetechete, n'kupatsa Dannis mpata woonetsa luso lake pa ng'oma. Ndikachimvera motsatizana ndi Lazy Bones!! ndimamva ubale, ngakhale magulu awiriwa sankadziwana n'komwe: anyamata achikuda a m'mizinda ya mafakitale ndi migodi, atatenga gitala yomwe anthu ankati si yawo.

Mawu akuti si yawo amandipweteka, chifukwa rock inayambira m'manja mwa Sister Rosetta Tharpe, Chuck Berry, Little Richard ndi Bo Diddley. Pofika 1975 mawayilesi a ku America anali atagawa nyimbo motengera khungu, rock ya azungu, soul ndi funk za akuda, ndipo woyimba wosalowa bwino m'bokosi lililonse ankagwera pakati. Zimenezi n'zomwe zinamuchitikira Betty Davis, yemwe chimbale chake chachitatu, Nasty Gal, chinatuluka chaka chomwecho ku Island Records. Mayiyu, wobadwira ku North Carolina, anakwatiwa ndi Miles Davis mu 1968 ndipo ndiye anamudziwitsa nyimbo za Hendrix ndi Sly Stone. Ankalemba yekha nyimbo zake, kuzikonza yekha mu situdiyo, ndi kuyimba za chilakolako cha mkazi mosapsatira, ndi mawu okalipa, magitala akubangula kumbuyo. Magulu a mipingo anamutsutsa, mawayilesi ambiri anamukana, chimbale sichinagulidwe, ndipo chotsatira chomwe anajambula mu 1976 kampaniyo inachitsekera m'kabati mpaka chinatulutsidwa ndi ena mu 2009. Iye anasiya kuyimba, anabwerera ku Pennsylvania, ndipo anamwalira mu 2022. Ena amati Nasty Gal ndi funk osati rock. Mverani gitala ya m'nyimbo yoyamba, mudzagamule nokha. Ndichenjeze kuti mawu ake ndi a akuluakulu, si chimbale choyika ana ali pabalaza.

Zimbale ziwiri za ku Ulaya ndizitchula mwachidule, chifukwa zinapezako ozilankhulira. Down by the Jetty cha Dr. Feelgood, anyamata anayi a ku Canvey Island pafupi ndi mathanki a mafuta a pa mtsinje wa Thames, chinatuluka mu Januwale 1975 chojambulidwa mwa mono, pa nthawi yomwe mabandi akuluakulu ankapikisana kuchulukitsa zida ndi kutalikitsa nyimbo. Wilko Johnson ankakwapula nsambo ndi zala zokha, gitala imodzi ikugwira ntchito ya awiri, ndipo Roxette ndi She Does It Right zimatha musanatope nazo. Sichinagulidwe kwambiri, koma anyamata amene anayambitsa punk ku London anachimvera bwino. Ku Düsseldorf ku Germany, Michael Rother ndi Klaus Dinger a bandi ya Neu! anali atasiyana maganizo, choncho chimbale cha Neu! '75 anachigawa pakati: mbali yoyamba yodekha ya piyano ndi gitala yosalala, yachiwiri yaphokoso Dinger akukuwa mu Hero pamwamba pa oyimba ng'oma awiri. David Bowie anachikonda, koma chifukwa cha mikangano ya awiriwa zimbale za Neu! sizinapezeke pa CD movomerezeka mpaka 2001.

Kubwerera kwa Zamrock

Nyimbo za ku Copperbelt zinayamba kutulukanso kudzera mwa osonkhanitsa malekodi a ku Ulaya ndi ku America. Kampani yaing'ono ya ku Germany ya Shadoks inadindanso zingapo, kenaka Eothen Alapatt wa Now-Again anafunafuna oyimba otsala n'kugwirizana nawo. Mu 2010 anatulutsa nyimbo za Ililonga ndi Musi-O-Tunya pa dzina loti Dark Sunrise, mu 2012 bokosi la zimbale za WITCH, ndipo mu 2017 magawo awiri a Welcome to Zamrock! okhala ndi mbiri yolembedwa mothandizana ndi Leonard Koloko, mlembi wa ku Zambia yemwe wagwira ntchito yaikulu yosunga mbiri ya oyimba a dziko lake. Filimu ya Gio Arlotta yonena za WITCH inatuluka mu 2019. Jagari ndi Mwondela, pamodzi ndi oyimba achinyamata a ku Ulaya monga Jacco Gardner wa ku Netherlands, anabwerera pa nsanja, akuyenda maiko, ndipo mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango.

Achinyamata ambiri amva kale Zamrock osadziwa. Travis Scott anatenga chidutswa cha Nsunka Lwendo n'kuchiika mu Sirens pa chimbale chake cha Utopia cha 2023. Chaka chotsatira Tyler, the Creator anamanga nyimbo yake ya Noid pa Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family, ndipo anthu mamiliyoni anamva mawu a Paul Ngozi akuyimba m'Chinyanja, chilankhulo chathu chomwechi. Paul Dobson Nyirongo, yemwe ndiye Paul Ngozi, anamwalira mu 1989. Sanalowe m'nkhani ino mokwanira chifukwa zimbale zake zikuluzikulu zinabwera pambuyo pa 1975: Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977. Kwa owerenga a Chichewa mwina iye ndiye khomo losavuta, popeza nyimbo zake zambiri mudzazimva mawu aliwonse, za umphawi wa m'makomboni a Lusaka, za mowa, za makolo ndi ana, gitala ikutafuna mawu ngati ya Black Sabbath.

Chimodzi chokha chimandidetsa nkhawa pa kubwerera kumeneku. Malekodi oyambirira a Amanaz ndi WITCH tsopano amagulitsidwa pa mitengo yokwera kwambiri pakati pa osonkhanitsa akunja, ndipo nkhani ya Zamrock imasimbidwa kawirikawiri ngati chuma chomwe mlendo anatola m'tchire. Anthu a ku Kitwe sanayimbire osonkhanitsa a ku Berlin. Anayimbira ogwira ntchito ku mgodi Loweruka usiku, ndipo ana ndi adzukulu a ogwira ntchito amenewo ali ku Lusaka, ku Chipata, ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Johannesburg ndi ku Leeds. Mawayilesi athu ali ndi mapulogalamu a nyimbo zakale omwe amayika Dolly Parton ndi Don Williams sabata iliyonse. Mwa owulutsa amenewo ndikupempha mmodzi yekha ayike Black Tears kapena Khala My Friend, aone mmene mafoni aimbire.

Zimbale zonse zomwe ndatchula zikupezeka pa intaneti, pa Spotify, Apple Music ndi YouTube, ndipo za Now-Again ndi Drag City zimagulitsidwanso pa Bandcamp, komwe kugula kumafikitsa kangachepe kwa oyimba otsala ndi mabanja awo. Musazimvere pa sipika ya foni, chifukwa besi ya Mulenga ndi ya Bobby Hackney imasowa yonse. Pezani zomvera m'makutu kapena wayilesi ya sipika zabwino, ndipo Africa muchimvere chonse motsatana kuyambira nyimbo yoyamba mpaka Kale, popeza History of Man imaluma kwambiri ikabwera pambuyo pa nyimbo zofatsa zija. Lazy Bones!! chitsatire, Death ibwere kachitatu, ndipo Ngozi Family muisungire sabata ya mawa.